Milungu Yopanda Maso ya a Kasemasema

A Kasemasema ankasema milungu. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo, monga ena amasoka nsapato, ena amawotcha njerwa. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, tonse tinkawaitana ndi dzina la chida chimene sichinkachoka paphewa pawo. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kumapeto kwa msewu wathu, ka zenera limodzi, konunkhira utomoni, pansi pali utuchi wofika m'akakolo.

Masiku amenewo milungu inali yambirimbiri. Osula zitsulo anali ndi wawo, wamapewa otambalala, ndipo tsiku lake likafika sunkamva kulira kwa nyundo. Azamba anali ndi wawo. Chitsime chinali ndi mwini wake, n'chifukwa chake palibe ankayerekeza kuchapira pafupi. Anthu akakangana za malire ankakalumbira pamaso pa mulungu wa malumbiro, ndipo wabodza ankayamba thukuta asanatsegule pakamwa. Ngakhale nkhani ya ukwati inkayamba ndi funso lakuti kwanuko mumagwadira yani. Milungu yonseyi inkatuluka m'kachipinda kaja.

Pantchito yawo anali ndi lamulo limene anaphunzira kwa atate awo: maso amasemedwa komalizira. Mutu, manja, makwinya a nsalu, zonse ankamaliza bwinobwino, koma pamalo pa maso ankasiya posalala mpaka tsiku limene wogula wabwera kudzatenga. Ankati chosema chopanda maso n'chikuni chabe, ukhoza kuchikhalira kapena kukolekapo chipewa. Koma ukangoboola maso, wina walowamo, ndipo iwe umayamba kuyenda chowerama m'shopu mwako momwe. Amisiri anzawo ankawanyogodola kuti ndiwo okha padziko amene amabereka mabwana awo.

Mabwanawo sanawabwezere zabwino. Akazi awo anamwalira pobereka, ndipo wansembe wa mulungu wa azamba analengeza kuti mulunguyo anakwiya chifukwa anamusema mlomo wokhota. Kwa nthawi yaitali amayi apakati ankapatuka akawaona. Anatsala ndi khanda lalikazi, nalilera okha pakati pa matabwa. Tsitsi la mwanayo linkangokhala mbuu, mpaka anamutcha Kautuchi. Ndimamukumbukira atakhala pamutu pa mulungu wosamalizidwa, akugwedeza timiyendo, atate ake akumuimbira chapansipansi. Munthu uja analibe chinanso pansi pano koma mwana ameneyu.

Kautuchi atakula, kunafika chipembedzo cha Mulungu mmodzi. Sichinabwere ndi mikondo. Chinabwera ndi sukulu, mankhwala ndi nyimbo zokoma, ndipo anthu otopa ndi kudyetsa ansembe ambirimbiri anachilandira ndi manja awiri. Osula anayamba kusula tsiku lililonse. Pachitsime anayamba kuchapirapo, madzi n'kumamveka sopo. Aja amene dzulo ankandanda pakhomo pa a Kasemasema anayamba kulavula podutsa.

Tsono mtima suona mpanda. Kautuchi anakondana ndi mwana wa telala, ndipo telalayo anali atangoikidwa kukhala mkulu m'chipembedzo chatsopanocho. Telalayo anabwera naima pakhonde, osakhala pansi, nanena mawu ake: ukwati uchitika, a Kasemasema adzalowa m'nyumba ya ana ngati kholo, adzanyamula adzukulu, koma m'shopu muja musatsale mulungu ndi mmodzi yemwe. A Kasemasema sanapemphe nthawi yoganiza. Anavomera pomwepo.

Anatola milungu yonse yamaso, imene ogula anaibweza ndi imene atate awo anawasiyira, nainyamula umodziumodzi kupita nayo kuseri kwa nyumba. Uliwonse ankautchula dzina, kuupepesa, kenaka n'kuuika pamoto. Ife tinkaonerera pampanda, misozi ikuwatsikira m'ndevu. Koma yopanda maso anaisiya pamashelefu. Kwa iwo munalibe mulungu m'menemo. Unali mtengo wabwino, wouma bwino, ndipo ankaganiza zopangira mwana wawo mipando ndi kabati ya m'nyumba yatsopano.

Tsiku loti akulu a chipembedzo adzaone shopu, a Kasemasema anasesa utuchi wonse, navala malaya oyera, natsegula chitseko ndi mtima woyera. Telala analowa ndi anzake, maso n'kugwera pamizere ya zosema zija.

"Asewere, nanga izi n'chiyani?" anafunsa telala.

"Nkhuni, asewere. Sizipenya."

"Nkhuni za manja ndi miyendo?"

A Kasemasema anadabwa kuti munthu wamkulu sakumva chinthu chapafupi chotere. Anatsitsa chosema chimodzi, nachigoneka pansi, nachikhalira. "Mwaona? Ndikanakhalira mulungu ine? Inuyo mukudziwa, asewere. Mulungu uja wa masingano ndinakusemerani, si munadikira pakhomopa ndikumuboola maso, inu mutavula nsapato?"

Mmodzi wa akuluwo anaseka, kenaka n'kusandutsa chifuwa. Kuseka kumeneko ndiko kunapha zonse. Telala anachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo manyazi a munthu wongokwezedwa kumene amaluma kuposa njoka. Anati munthuyu ndi wabodza, wabisa mafano poyera, ndiponso akuchita chipongwe ndi anthu a Mulungu. Anatuluka akukutumula malaya.

Masana omwewo a Kasemasema anawotcha zotsala zija, mipando ya mwana wawo isanabadwe. Koma madzi anali atatayika kale. Ukwati unachitika chifukwa mnyamata anaumirira, ndipo mawu amene apongozi anaikapo anali akuti wosema mafano asaponde pakhomo pawo, mtsikanayonso asapondenso m'shopu muja. Tsiku la ukwati a Kasemasema anamvera nyimbo ali pakhonde pawo, atavala malaya oyera aja. Otsalira a milungu yakale nawonso anawafulatira, amvekere munthu wowotcha milungu yamaso ndi wotembereredwa. Anakhala ngati mleme, kwa mbalame ayi, kwa mbewa ayi.

Zaka zotsalazo anazithera pa zitseko ndi mabenchi. Ena mwa mabenchiwo anakathera m'nyumba yopemphereramo, kudzera mwa kalipentala wina amene ankati wapanga yekha, ndipo telala ankakhalapo sabata ndi sabata. Kautuchi ankadutsa popita kumsika. Ankaima tsidya lina la msewu ngati akukonza nsalu, n'kutembenuza msana kuti atate ake aone nkhope ya mwana amene wabereka. Iwo ankasiya kupala thabwa, n'kuyang'ana mpaka atapita. Umo ndimo anadziwira adzukulu awo onse, kuyambira woyamba mpaka chitsirizira.

Atadwala matenda omaliza tinawagoneka m'shopu momwemo, poti ndimo munkalowa kadzuwa. Tinatumiza mawu kwa Kautuchi. Apongozi ake anamulola kufika pakhonde, osapitirira. Anabwera ndi chakudya m'kambale, naima pazenera, mayi wamkulu tsopano, imvi zitayamba.

"Ababa, ndabwera."

Anatembenuza mutu movutikira. "Lowa, mwanangu. Muno mulibe aliyense. Ndinawotcha onse."

"Ndikudziwa, ababa."

"Nanga ukuopa yani?"

Kautuchi anagwira chitseko, chimene atate ake anapanga ndi manja awo, nayang'ana kumsewu kumene mlamu wake anaima akumudikira. Anakhala choncho nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Kenaka anaika kambale pazenera, natipempha ife kuti tiwadyetse chisanazizire, n'kubwerera kwa eni ake.