Mwala wa Mphenzi wa Achimwene Anga

Achimwene anga a Deusdete saopa njoka, saopa apolisi, ngakhale malemu akazi awo, amene mudzi wonse unkawaopa, iwo ankangowaseka. Chimene amaopa ndi mphenzi basi. Ali mnyamata, mphenzi inapha bulu amene iwo anali atangotsikapo kumene, ndipo kuyambira pamenepo mtambo ukangoda pang'ono, milomo yawo imayera.

Amene anawakhazika mtima pansi ndi bambo athu. Anawapatsa mwala wa mphenzi, uja wakuda, wosalala ngati nkhwangwa yopanda mpini, umene anthu kuno ku Piauí amati umagwa ndi mphenziyo, ndipo nyumba imene muli mwalawo mphenzi imailambalala. Achimwene akalamba nawo mwalawo. Unkakhala pansi pa machila awo ogonamo, ndipo Loweruka lililonse ankautsuka n'kuuyanika pachipupa cha khola la mbuzi. Malaya awo sanaonepo chisamaliro chotero.

Tsono kuseri kwa kholalo kuli chithanthwe chachitali, pamwamba pake pamene ngakhale mbuzi sifika, ndipo apusi amaswera pamenepo nthanga za mgwalangwa. Apusi athuwa, aja akuda pamutu ngati avala chipewa, satola mwala chisawawa. Amayamba aunyamula kumva kulemera kwake, kuugogoda ndi chala, ukakhala wofumbutuka n'kuutaya. Mkulu wawo, chipusi chandevu chimene achimwene anachitcha Sajeni, anali atatopa ndi miyala yakuno yongonyenyeka. Loweruka lina anapeza pachipupa mwala wa kumtima kwake. Ndinamuona ndi maso angawa akuyenda ndi miyendo iwiri, mwala ataukumbatira pamimba, ngati munthu wochokera kumsika.

Mvula inali pafupi. Achimwene anasiya kudya. Ndikawabweretsera nyemba ndi ufa wa chinangwa, iwo maso ali kumwamba, makutu ali kuthanthwe kumene kunkamveka go! go! tsiku lonse. Zinkandiseketsa, koma zinkandimvetsanso chisoni, poti mantha a nkhalamba ndi osautsa kuwaonerera.

Achimwene anaganiza zosinthana ndi Sajeni. Anapita kumtsinje ndi bulu wobwereka, n'kubwera ndi miyala yosankha, n'kuindandalika pachipupa ngati wogulitsa tomato, nthochi pambali. Sajeni anatsika, ananyamula mwala uliwonse, kuugogoda, kuuponya m'khola, kenako anatenga nthochi n'kumapita.

Mvula yoyamba inabwera masana. Achimwene anathawira kwanga, anaphimba kalilole ndi nsalu, n'kulowa pansi pa tebulo akutchula oyera mtima onse, ena oti ine sindinawamvepo. Kenako kunang'anima, nyumba inagwedezeka. Titatuluka, mtengo wa pamwamba pa thanthwe, pomwe panali mwala paja, unali utang'ambika pakati, utsi uli tolotolo. Apusi anali atabisala kuphanga, palibe anapsa ngakhale mchira.

Anthu atasonkhana, a Anacleto ometa tsitsi, amene sasowa chonena, anapukusa mutu.

"Kodi simudziwa, a Deusdete? Agogo anga ankati mphenzi imabwerera mwala wake. Imaufunafuna mpaka kuupeza."

Achimwene anakhala pansi pamatope pomwepo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndimagona pamwamba pa nyambo?"

Kuyambira tsikulo Sajeni anasanduka mpulumutsi. Achimwene anandiletsa kumugenda, ngakhale atandibera mazira. Ankamuvulira chipewa akakumana. Pofuna kumuthokoza, anayamba kutola nthanga zonenepa za mgwalangwa n'kumaziunjika pa mwala waukulu wafulati wa pakhomo pawo. Ine ndinawafunsa kuti nthanga zolimba chonchi mnzawoyo aswa ndi chiyani, mano? Anandiyankha kuti ndisamale za nkhuku zanga.

Sipanapite nthawi. M'mawa wina tinamva go! go! osati kuthanthwe, koma pakhomo penipeni pa achimwene. Sajeni anali ataimirira pamwala wafulati uja, akukweza mwala wa mphenzi ndi manja awiri n'kuutsitsa mwaulemu wake, akazi ndi ana ake atamuzungulira kudikira nyenyeswa. Atakhuta anachita zimene pusi aliyense amachita: anasiya mwala pomwe waswera, kuti mawa asavutike kunyamula.

Kum'mawa mitambo inali itayamba kale kuda. Achimwene anatulukira pawindo, machila ali paphewa.

"Zulmira, mlongo wanga, kaunyamule ukautaye kutali."

"Ine? Mwalawo bambo anapatsa inu, achimwene. Ine anandipatsa mphika."

Mpaka lero akugona kwanga. M'mawa uliwonse amatenga nthanga kukaziika patsinde pa thanthwe, chipewa chili m'manja, kumuchonderera Sajeni kuti abweze katundu wake pamwamba pa thanthwe. Sajeni amatsika, amatola nthangazo, n'kupita nazo kukaswera pakhomo pa achimwene.