Batire Limene Ketilina Anakwecha

Bonifasi Mbewe anali wa ku Chiparamba, ndipo kuyambira chaka cha dzombe mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anagwira ntchito imodzi yokha: kudzaza mabatire pagalaja ya Mmwenye wina ku Fort Jameson. Azungu a m'minda ya fodya ankabweretsa mabatire a magalimoto ndi a mawailesi akatha moto. Iye ankawandandalika pabenchi, kuthiramo madzi a mvula, n'kuwalumikiza ku injini, waya wofiira kumutu wopakidwa utoto wofiira, wakuda kumutu winawo. Malaya ake onse anali ndi timabowo ta asidi. Sankalankhulalankhula. Akamaliza kulumikiza ankangoima n'kumayang'ana singano ya mita pakhoma, manja ali kumbuyo.

Nkhondo itayamba, Mzungu wina popita kunkhondo anasiyira aphunzitsi a ku Chiparamba wailesi yakale ndi batire lake. Loweruka madzulo dzuwa likadalipo, anthu ankasonkhana pakhonde la sukulu kumvera nkhani za asilikali m'Chinyanja. Woyamba kufika nthawi zonse anali Edita, mlongo wake wa Bonifasi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Yakobo, anali kunkhondo kutsidya la nyanja, ndipo mayiyo akaphonya wailesi sankadya.

Batire likafooka linkagona kwa Bonifasi Lamulungu, kuti Lolemba alimangirire panjinga n'kupita nalo kugalaja. Lina silikanapezeka, chifukwa atsopano onse ankapita ku magalimoto a asilikali.

Lamulungu lina Bonifasi anapita kumaliro kumudzi wina. Mkazi wake Ketilina anaona batirelo pakhonde, mitu yake itachita zoyerayera zobiriwira ngati ndere. Zinamuchititsa manyazi. Mwamuna wake alowe m'Boma ndi chinthu chauve chotero, anthu anene kuti kunyumba kulibe mkazi? Anatenga phulusa ndi mchenga n'kulikwecha monga amakwechera mapoto.

Bonifasi pobwera anapeza mitu yonse iwiri ikunyezimira mofanana. Utoto wofiira uja unali utapita, pamodzi ndi kamtanda kamene kanali pambali pake. Anakhala pansi n'kuliyang'ana kanthawi, kenako anafotokoza mofatsa kuti batire likalumikizidwa mozondoka limatentha n'kufa, osadzukanso. Mita imene ikanasiyanitsa mituyo anali ataitenga asilikali, ndipo ya pakhoma inkangosonyeza kuti moto ukuyenda.

Edita anali atabwera kudzapempha mchere, ndipo anamva zonse.

"Alamu, ukhondo wanuwu," anatero, akuyesa kuseka. "Achimwene akagona tulo tambiri mudzawakwechanso nkhope, tisawadziwe."

"Mukanaliona mmene linalili, alamu," anayankha Ketilina motsitsa mawu. Usiku umenewo sanakhudze chakudya.

M'mawa Bonifasi sanafulumire kunyamuka. Anakumbukira zimene anaona kalekale kwa makaniko wokalamba Paison, amene anamuphunzitsa ntchito. Anauza mkazi wake kuti abweretse kapu ya madzi ndi mchere pang'ono. Anasenda mawaya awiri akale, kumanga uliwonse kumutu wake, n'kuviika nsonga zake m'madzimo motalikirana. Anati waya wa kumutu wopanda utoto uja udzatulutsa thovu, winawo ayi, koma batire linali lofooka ndipo maso ake, otopa ndi maliro aja, sankawakhulupirira.

"Amake Tereza, maso anu ndi akuthwa. Bwerani mundionere," anatero kwa mkazi wake.

Ketilina anagwada, nkhope ili pafupi ndi kapu. Poyamba sanaone kanthu. Kenako timathovu tating'ono ngati mbewu za fodya tinayamba kumera pawaya wa kumanzere n'kumakwera pamwamba. Winawo unangoyamba kubiriwira.

"Uwu," anatero, akuloza.

Bonifasi anasinthanitsa malo a mawayawo m'kapu namuuza ayang'anenso. Thovu linatsatira waya womwewo. Pamenepo anatenga mpeni n'kulemba kamtanda pafupi ndi mutu winawo. Ketilina analowa m'nyumba, nabwera ndi mikanda yofiira ya m'khosi mwake, n'kuikulunga pamutu wa kamtandawo.

Pagalaja analumikiza batirelo payekha, kutali ndi anzake. Singano inakwera pang'ono n'kukhazikika. Tsiku lonse ankangodutsapo n'kuika chikhatho pambali pake. Linali lofunda ngati dzira limene nkhuku yangoikira kumene, osapitirira apo.

Loweruka wailesi inalankhula. Dzina la Yakobo silinatchulidwe, koma ananena kuti gulu lake lachoka kumene kunali nkhondo ndipo likupuma kumsasa. Edita anapempha aphunzitsi kuti amubwerezere mawuwo. Pobwerera anadutsira kwa alamu ake, nadya nawo maungu.

Batirelo linakhala moyo mpaka Yakobo anabwera, wowonda, atanyamula bulangeti la boma. Nkhondo itatha galaja inagulitsidwa, ndipo Bonifasi anabwerera kumudzi kukalima mtedza. Pa zaka zonsezo asidi ankadya ulusi wa mikanda ija, ndipo ukaduka Ketilina ankatola mikandayo pakhonde n'kuitunganso. Kukwecha mapoto sanaleke, koma batire likafika ankangolifunditsa chiguduli.