Tsiku Limene Ndinaukitsa Bambo wa Mmwenye

Ine sukulu ndinalekera sitandade thu, koma ku Lungwena kuno funsani aliyense wa imvi kuti kanema ankamumvera kwa yani. Chizungu sindichidziwa, Chimwenye ndiye ayi ndithu. Chimene ndinali nacho ndi maso ndi pakhosi. Mwini shedi ya vidiyo, mphwanga wa kuchimuna, anandiikira mpando pambali pa wailesi ya kanema, ndipo ntchito yanga inali kuuza anthu zimene akunena a m'galasimo. Ndikayankhula, mawu ankafika mpaka pa mathandala a usipa.

Tsiku lina mwera unavuta, ngalawa zonse zili pamtunda, alovi, anyamata opha nsomba aja, onse anadzaza mushedi dzuwa likadali pamutu. Mphwanga anali atabwera ndi kanema wa Amwenye kuchokera ku boma, wautali, wa matepi awiri. Pabenchi lakutsogolo panakhalanso aphunzitsi atsopano, amene ankanong'oneza anthu kuti zimene ndimanena ine n'zopeka, mpandowo ukuyenera munthu wophunzira.

Tepi inayamba anthu akulira kale. Pakhoma chithunzi cha mdala wa ndevu zoyera, atachiveka nkhata ya maluwa. Ndinati uyu ndi bambo wa mnyamatayu, anamira panyanja. Nkhani inayenda bwino, zibakera, nyimbo, mpaka mnyamata anakwatira mtsikana wake. Anthu anawomba m'manja.

Mphwanga analowetsa tepi inayo. Ndingoona mdala uja, wa pachithunzi yemweyo, wakhala pakhonde akumwa tiyi.

Kenako mlovi wina kumbuyo anati, "Mjomba, si munamuika m'manda uyu?"

Ndinazindikira pomwepo kuti mphwanga wasemphanitsa matepi, wayamba ndi yomaliza. Iyenso kuwerenga n'chimodzimodzi ine. Ndikaulula, manyazi ndi a banja lonse, ndipo mpando wapita. Aphunzitsi anali atayamba kale kumwetulira.

Ndinaimirira. Ndinawafunsa kuti ndani mwa iwo anaona mtembo. Palibe. Ndinati inu ana a panyanja, simudziwa kuti munthu akasowa m'madzi timaika m'manda thunthu la nthochi m'malo mwake? Mdalayu mphepo inamuponyera tsidya lina, anamutola asodzi a kumeneko, wabwera lero. Amayi ena anayamba kululutira. Zoterezi zinachitikapo kwathu kuno, aliyense ankazidziwa.

Vuto linabweranso pamene mnyamata ndi mtsikana uja anakumana pamsika ngati sadziwana. Ndinati banja linagwedezeka, mdala wakwiya kuti anakwatirana iye kulibe, ndiye mnyamata akufunsira kachiwiri, mwa dongosolo. Akuluakulu anagwedeza mitu, amvekere ndi zoona, ukwati wopanda mwini mbumba si ukwati. Pamapeto mdala anadwala n'kumwalira, anthu onse akuona. Mushedi munalira anthu, amuna a ndevu zawo akupukuta m'maso ndi zipewa.

Aphunzitsi sanagone nazo. M'mawa anapita kwa mphwanga, anamuonetsa manambala a pamatepi, n'kunena kuti masana awonetse bwinobwino, afotokoze iwo. Mphwanga anavomera, maso ali pansi. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pa chitini, manja ndapinda.

Sindinama, munthuyo ankawerenga bwino timawu ta pansi pagalasi. Koma mdala atamwalira pakati pa kanema, anthu anadikira kuti abwere. Tepi yachiwiri inafika pa ukwati, mdala osaoneka. Inatha.

Mayi wina wogulitsa mandasi anaimirira. "Aphunzitsi, bambo aja mwawasiya kuti?"

Iwo anafotokoza kuti kanemayo ndi mmene alili, dzulo panali kulakwitsa. Mayiyo anati wolakwitsa ndi amene wapha munthu osamubweza, ndipo iye sangadzaonerenso zoipa mtima chonchi. Alovi anayamba kumenya mabenchi, akuitana ine. Sindinathamange ayi. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuwapatsa moni mmodzimmodzi.

Madzulo ake mphwanga anatenga makala n'kulemba mtanda pa tepi yomaliza, kuti izikhala yoyamba masiku onse. Kanema ameneyo tinamuwonetsa chosemphana choncho mpaka tepi inatha mphamvu, zithunzi zikungonjenjemera. Aphunzitsi ankabwerabe, ankakhala pabenchi lawo lomwe lija, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza mlendo kuti akhale chete, mdala ali pafupi kubwera.