Jumbo imene ikukana kuwola

Ntchito yanga ndi yofufuza majumbo opangidwa ndi makoko a chimanga, oti akatayidwa aziwola. Kompyuta ndinali nditaiphunzitsa kulosera kasakanizidwe kolimba, koma jumbo yogwirika ndi manja tinali tisanapange.

Tsiku lina nditamaliza kufotokoza za kafukufukuyu pamsonkhano ku City Centre, ndinatsegula chikwama kuti ndilowetse laputopu. Munagwa jumbo yapulasitiki yomwe anandiikiramo mandasi kumsika wa Lilongwe. Anaitola ndi a Nachisale, pulofesa wopuma pantchito amene anandiphunzitsa sayansi ku yunivesite.

"Mwanawe, yatsopano ija ndi imeneyi?" anandifunsa.

Anthu anali atatiunjirira, ndipo ndinachita manyazi.

"Eya mayi, ndi yongoyeserera," ndinatero.

Anaipinda bwinobwino, mafuta a mandasi ali pompo, n'kukaikwirira kuseri kwa nyumba yawo ku Area 43.

Dzinja litatha anandiimbira foni.

"Ndafukula jumbo ija, koma ikadali momwemo."

Apa ndi pamene ndikanaulula, koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Mwina dothi lanu ndi louma, mayi."

Sabata yatha anandiuza mosangalala kuti tsopano amathirirapo tsiku lililonse. Ine, munthu wamkulu ndi maphunziro anga, ndinawayamikira chifukwa cha khama lawo.