Msana wa Atsibweni

Chaka chomwe malole ankabwera kuchokera ku Zomba atasenza mafayilo ndi mipando ya boma, ine ndinkajambula anthu mu situdiyo ya mwenye wina ku Area 2, kuseri kwa sitolo yake ya nsalu. Ntchito yake idali yomweyomweyo tsiku ndi tsiku: imani apa, dzutsani mutu, musaphethire. Tidali ndi wailesi yakufa ndi telefoni yopanda waya zoti anthu azigwira pojambulitsa, ndipo aliyense ankatuluka pachithunzi atauma gwa ngati mtengo wa magetsi. Zidandikwana. Ndinkadziona kuti ndine katswiri amene akuwonongekera pa zithunzi za pasipoti, ndipo maganizo amenewa sindinkawabisa.

Tsiku lina bwana adabwera ndi pepala lotayipa. Kagulu kena ka okonda kujambula, ambiri mwa iwo azungu, amwenye ndi akuluakulu a m'maofesi, kadakonza mpikisano. Mutu wake udali wakuti Likulu Latsopano. Munthu aliyense atumize chithunzi chimodzi chokha, ndipo zosankhidwa zidzapachikidwa mu holo ina ku City Centre, dzina la wojambula lili pansi pake. Dzina langa pakhoma, abale inu! Malamulo ndidawawerenga mothamanga. Lamulo lachitatu linkati chithunzi chionetse imodzi mwa nyumba zatsopano, yonse, kuyambira pansi mpaka denga. Ndidaliona lamulolo, sindinama ayi. Ndidangoti mumtima, amenewa ndi malamulo a anthu opanda maso.

"Wawerenga lachitatu?" adafunsa bwana.

"Ndawerenga."

"Werenganso."

Sindidawerengenso.

Loweruka masana titatseka situdiyo, ndidapalasa njinga kupita ku City Centre, kamera ili pakhosi. Masiku amenewo kudali fumbi lofiira, zitsa, ndi nyumba zoyera zitaima patalipatali m'tchire. Ndidapeza ojambula anayi, onse ataloza makamera awo ku nyumba imodzimodzi. Asa! Khoma ndi khoma basi, kaya ulijambule utagwada kaya utakwera mumtengo. Sindidajambule kanthu. Ndidangoti ndipitirire ku Area 12 ndikaone atsibweni.

Atsibweni anga, alongo awo a mayi anga, ankagwira ntchito ya m'munda pa nyumba ya mkulu wina wa boma amene adali atangofika kumene kuchokera ku Zomba. Kumudzi kwathu adali mkulu wa mpingo, munthu woti akatsokomola m'tchalitchi ana onse ankati zii. Kumudziko nkhani inkangomveka kuti amagwira ntchito ku likulu, ndipo iwo sankaonjezerapo mawu. Kuno ana a bwana wawo ankawaitana kuti gadeniboyi, imvi zili mbuu.

Ndidawapeza akudzala kapinga. Amene sadaonepo ntchito imeneyi amayesa udzu wa ku Area 12 udamera wokha. Atsibweni ankakazula kapingayo kudambo, kumutengera pa wilibala, kumung'amba timagawo tating'ono, kenaka kuboola dothi ndi kamtengo, kutsindira ndi chala chachikulu, kusuntha phazi limodzi, kuboolanso. Bwalo lonse lija, lalikulu ngati la mpira, mzere ndi mzere, ali chowerama. Ndidaima pageti ndikuwayang'ana. Ndidadziwa kuti likulu latsopano limene ndinkalifuna ndi limeneli.

"Atsibweni, ndikufuna ndikujambuleni. Chithunzi chake chikapachikidwa ku City Centre, anthu onse akachione."

Adaweramuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. "Ine, mphwanga?"

"Inuyo. Ingopitirizani zomwe mukuchitazo."

"Iyayi, iyayi. Munthu sajambulidwa chonchi. Tadikira."

Ndidadikira pafupifupi ola lathunthu, ndikupsa mtima. Adakasamba, adadzola mafuta, adapesa. Adatuluka atavala jekete yawo ya Lamulungu, tayi, ndi nsapato zimene zinkawaluma. Adakaima kutsogolo kwa nyumba ya bwana wawo, pakati penipeni, manja m'mbali, chibwano m'mwamba, ngati makasitomala anga a ku Area 2 aja. Ndidadziwa chifukwa chake, inenso ndidakulira komweko. Kwathu chithunzi ndi chimene chimatsala pakhoma la pabalaza mwini wake atapita, ndiye munthu amapereka nkhope yake yabwino. Koma ine tsiku limenelo ndidali katswiri. Ndidadina kamodzi, kungowasangalatsa.

Adakavula jekete, adabwerera ku kapinga wawo. Ine ndidatsanzika, n'kumachita ngati ndikumanga chikwama panjinga. Atawerama ndidazemba kumbuyo kwawo, ndidagwada, ndidadina. Sadamve. Dzuwa lidali litapendeka, thukuta likunyezimira pakhosi pawo, mizere ya kapinga ikuthamangira kutali, dzanja lili m'dothi mpaka m'mfundo. Pa thalauza lawo kumbuyo padali chigamba chachikulu cha chitenje cha maluwa. Nyumba idangolowa pakona: njerwa zingapo ndi paipi ya madzi.

Lolemba ndidatsuka filimu, ndipo bwana adaiyang'ana pa kuwala kwa zenera.

"Tumiza cha jeketechi. Nyumba yonse ilipo, munthu alipo."

"Chimenecho ndi cha pasipoti chachikulu chabe, bwana."

"Nanga pa chinachi nyumba ili kuti?"

"Iyo pakonapo."

"Imeneyo ndi paipi."

Ndidamulalikira kwa nthawi yaitali kuti likulu si simenti ndi malata okha, kuti oweruza ngati ali ndi nzeru adzaona okha, kuti lamulo ndi la anthu osadziwa chojambula. Adandimvetsera akutafuna timbewu take tonunkhira, kenaka adati, "Zako izo," n'kubwerera ku nsalu zake. Ndidasindikiza cha msana chija, chachikulu, ndidachimata pa katoni yolimba, ndidakachipereka. Cha jekete sindidachisindikize n'komwe. Atsibweni ndidangowauza tsiku la chionetsero, za chithunzi chimene ndidasankha sindidawauze. Ndinkati akadzachiona pakhoma, azungu atachizungulira, adzamvetsa okha.

Tsiku lachionetsero ndidafika msanga. Ndidazungulira holo yonse kawiri. Makoma, mazenera, madenga, mbendera. Chopambana chidali nyumba ija ya ojambula anayi, ili ndi mitambo pamwamba. Mitambo! Ngati kuti mwini wake adaiumba yekha. Changa padalibe. Ndidakachipeza pa tebulo la pafupi ndi khomo, pomwe adaika zithunzi zokanidwa kuti eni ake azitenge, zonse zitayang'ana kumwamba. Pa changa adapanikizapo kapepala kolembedwa kuti lamulo lachitatu.

Magazi adandiwira. Ndidafunsa komwe kudali oweruza, ndipo anthu adandilozera bambo wina wa suti yotuwa, Mmalawi mnzanga, wa m'maofesi omwewo.

"Pepani achimwene," adatero. "Chithunzi chanu tonse tidachiyang'ana nthawi yaitali. N'chabwino kwambiri. Koma nyumba ili kuti?"

"Kodi bambo, nyumba imadzimanga yokha? Udzu umene mwapondapo polowa muno udadzidzala wokha?"

"Ayi ndithu. Koma ife tidalemba nyumba, ndipo anzanu onsewa adadzimana zina kuti atsate zimenezo. Tikalola chanu, mawa wina abweretsa mbuzi n'kumati idadutsa ku likulu."

"Atsibweni anga si mbuzi!"

"Sindidatero, achimwene."

Chidandiwawa kwambiri n'chakuti bamboyo sadakweze mawu ngakhale pang'ono. Akadandinyoza bwenzi ndili ndi pogwira. Ndidapitiriza kulongolola, manja ali m'mwamba, anthu akucheuka, ndipo chithunzi ndidachisiya pomwepo patebulo, chili poyera. Kungochitembenuza kokha kukadakwanira. Sindidaganizeko, ndidali wotanganidwa ndi kupambana mkangano.

Nditacheuka ndidaona atsibweni ali kale m'holomo. Sadabwere okha. Adali ndi akazi awo, atavala nsalu yatsopano, ndi akulu a mpingo awiri ochokera kumudzi, amene adadzuka m'mamawa kuti apeze basi. Atsibweni adali patsogolo, chipewa m'manja, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, kuima pa chithunzi chilichonse, kufunafuna. Adamaliza khoma loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka adafika pakhomo pomwe padali tebulo.

Adayamba kuona ndi akazi awo. Nkhope padalibe pachithunzipo, koma mayi sangaiwale nsalu yomwe adasoka yekha.

"Ii, chigamba changa ichi!" adatero mokweza, kenaka adagwira pakamwa.

Akulu a mpingo aja adawerama kuti aone bwino. Mmodzi adatsokomola, wina adayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli china chachilendo. Atsibweni adachiyang'ana nthawi yaitali. Adafunsa mmodzi wa anzawowo, amene ankadziwa Chingerezi, kuti kapepalako kakuti chiyani, ndipo adawayankha motsitsa mawu kuti akuti chakanidwa. Atsibweni adavala chipewa chawo m'holo momwemo, n'kutuluka.

Ndidawathamangira panja. Ndidayamba kufotokoza za kuwala, za mizere, za ulemu wa ntchito ya manja, kuti oweruza ndi mbuli, kuti ngakhale iwo avomereza kuti n'chabwino. Mawu ankatuluka ambirimbiri koma ngakhale ine ndinkamva kuti ndi mphepo.

Adandidikira mpaka nditatha. "Mphwanga," adatero, osakalipa, "ine ndidakupatsa nkhope. Iwe udasankha msana."

"Cha jekete chija chilipo, atsibweni. Ndikusindikizirani mawa lomwe, chachikulu, ndiika ndi m'galasi."

"Chisunge. Anthu aona kale."

Adanyamuka kulowera kokwerera basi, anzawo akutsatira m'mbuyo.

Mpaka lero ndimanena, ndipo ndidzafa ndikunena, kuti m'holo monse muja mudalibe chithunzi choposa changa. Lamulo lija lidali lopusa. Ndikakumbukira mitambo ija ndimafuna kuswa kapu. Koma mkwiyo umenewu sukhalitsa pa oweruza, umabwerera kwa mwini wake, chifukwa iwo lamulo lawo adalilemba papepala ndipo ndidaliphwanya ndikuona, pomwe atsibweni lawo adandiuza pamaso, kuti munthu sajambulidwa chonchi, ndipo ndidaliphwanya mozemba.

Adakhala ndi moyo zaka zina zambiri. Sadandikalipirepo za nkhaniyi, ndipo ndikapita kumudzi ankandipatsa mpando ndi moni monga kale. Maukwati a ana awo onse ndidajambula ndine. Koma nthawi iliyonse abale akaima pamzere, ine n'kukweza kamera, atsibweni ankachokapo mwakachetechete n'kukaima kumbuyo kwanga.