Masamba Amene Ndinathyola M'buku la Mchimwene Wanga

Inu owerenga, ine ndinathamangitsa mchimwene wanga ndi pakamwa pangapa, ndipo lero ndatsala ndekhandekha m'nyumba ya kumalaini a esiteti kuno ku Thyolo.

Mchimwene wangayu, wobadwa pambuyo panga, anali msilikali. Anapita kunja kukasungitsa mtendere, ndipo atabwerako anasiya ntchito n'kudzakhala ndi ine, popeza makolo athu anatisiya kalekale. Ndinamupezera malo m'gulu lathu lothyola tiyi. Sankalankhula zambiri. Tikaweruka ankakhala pakhonde n'kumawerenga kabuku kakale kachingerezi, kopanda chikuto. Kawiri konse anandipatsa kuti ndiwerenge. Anati ndi nkhani ya mnyamata amene anapita kunkhondo monyadira, koma mfuti zitayamba kulira anagwidwa ndi mantha n'kuthawa. Ine ndinamuyankha kuti amantha ndimawaona tsiku ndi tsiku, a m'buku ndi achiyaninso.

Tsiku lina tili pamzere wa sikelo, madengu ali kumsana, thirakita yodzanyamula masamba inaphulitsa utsi, phuu! Mchimwene wanga anadziponya pansi n'kukwawa chafufumimba kulowa m'tiyi, dengu lonse litakhuthuka. Anthu anangoti kakasi. Mwina zikanathera pomwepo, koma ine pakamwa sipandichedwa. Ndinafuula kuti, "Asilikali athu aja ndi amenewa, akuthawa thirakita!" Gulu lonse linafa ndi phwete, ndi akapitawo omwe. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka Chafufumimba, moti ngakhale amayi ogulitsa nthochi kumsewu ankamuitana choncho.

Titafika kunyumba anangonena kuti, "Achemwali, mukanawerenga kabuku kaja." Mawuwo anandipsetsa mtima, chifukwa ndinkaona ngati iyeyo ndi amene wandichititsa manyazi pagulu. M'mawa mwake makala atanyowa ndi chiperoni, ndinathyola masamba akumapeto a kabukuko n'kuyatsira mbaula. Dzanja lozolowera kuthyola masamba silinazengereze n'komwe. Iye anaona zonsezi. Patatha sabata anakwera kabaza wolowera ku Khonjeni, ndipo mpaka pano foni yake sipezeka. Ndafunsa achibale mpaka ku Thekerani, palibe wamuonapo.

Kabuku kaja anakasiya pamkeka. Kusungulumwa kutandikwana ndinayamba kukawerenga, pang'onopang'ono, ndi Chingerezi changa cha Fomu 2. Paliponse pamene mnyamata uja ankanjenjemera, mchimwene wanga analemba m'mbali ndi pensulo kuti, "Ndi ine." Pena analemba kuti, "Achemwali ndiwauza bwanji?" Ndinalira ngati mwana. Zimene iye ankalephera kundiuza, ankafuna kuti bukulo limunenere, ndipo ine ndinalisandutsa choyatsira moto.

Pasikelo anzanga anaiwala kale nkhaniyi, akuseka zina. Ine thirakita ikamabwera ndimayang'ana pamalo pamene anagwera.

Inu owerenga, m'bale wanu akabwera kuchokera kumene kunalira mfuti, musafulumire kumutcha wamantha, chifukwa zimene anaona simukuzidziwa. Akagwa pagulu, muthandizeni kutola dengu, kuseka kulekeni. Akakupatsani kanthu kuti muwerenge, werengani iye akadali pakhonde panu.

Kabuku kamene ndatsala nako kamathera pamene mnyamata uja wabisala yekha, akuopa kubwerera kwa anzake. Kaya anabwerera kaya sanabwerere, ine sindikudziwa, chifukwa masamba amenewo ndinawawotcha ndekha.