Abusa Amene Anandidikira

Munthu amene anandilakwira ndi a Kamtedza, aphunzitsi anga a Sitandade 5, omwenso anali mkulu wa mpingo kwathu kuseri kwa Lobi. Sanandimenye ayi. Akanandimenya bwenzi nditaiwala kalekale, pakuti mkwapulo umapola. Iwo anandipatsa dzina.

Ine ndine wachibwibwi chibadwire. Makolo ananditcha Kondwani, ndipo pa mawu onse a pansi pano, dzina langalo ndi limene limandivuta koposa. Ndikukumbukira m'mawa wina nyengo yozizira, nkhungu italowa mpaka m'kalasi kudzera m'mazenera opanda magalasi, tonse manja tapisa m'khwapa. A Kamtedza anandiimiritsa kuti ndiwerenge. Ndinatsegula pakamwa, mawu n'kukakamira pakhosi ngati mbatata yamoto. "K-k-k-k..." Iwo anapendeketsa mutu ngati makaniko akumvetsera injini, kenako anati, "Ana inu, mthuthuthu wathu wakana kulira. Taukankhani!" Anyamata a kumbuyo anandikankhadi. Kalasi yonse inaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka Mthuthuthu. Kumjigo Mthuthuthu, kumpira Mthuthuthu, ngakhale tiana tosavala tinkandithamangira tikulira ngati njinga yamoto. Anthu amati achibwibwi sitichedwa kupsa mtima, ngati kuti timabadwa ndi moto m'chifuwa. Si choncho. Mawu akakanika kutuluka pakamwa amafuna potulukira pena, ndiye anga ankatulukira m'zibakera. Mnyamata wina ndinamugulula dzino, wina ndinamuponya m'ngalande ndi yunifolomu yake yatsopano. Chaka chomwecho ndinasiya sukulu n'kukalowa m'dimba la kachewere la mayi anga, komwe kunalibe wondiuza kuti ndiwerenge.

Koma a Kamtedza sindinawathawe, chifukwa kutchalitchi analiponso. Ofuna ubatizo tinkaphunzira kalasi, ndipo pamapeto pake tinkafunsidwa mafunso pamaso pa akulu a mpingo. Mayankho onse ndinkawadziwa. Ndikakhala ndekha m'dimba ndinkawanena bwinobwino, mbuzi zili mboni. Ndikaimirira pamaso pa akuluwo, lilime gwa! A Kamtedza ankangowerama n'kunena kuti ndikhale pansi, ndidzayesenso ulendo wina. Anzanga anabatizidwa. Mlongo wanga wamng'ono anabatizidwa. Mayi anali atandigulira shati yoyera yodzavala pa tsikulo, ndipo inakhala m'sutikesi mpaka inandichepera, mayi n'kuipereka kwa msuweni wanga osanena kanthu. Kusanena kanthu kwawoko kunandipweteka kuposa kundikalipira. Ndinalumbira mumtima kuti ndikadzalepheranso, phazi langa silidzapondanso m'tchalitchi, ndipita ndi anyamata onyamula matumba a kachewere kumsewu waukulu, basi.

Ndiye abusa athu akale anapuma ntchito, maondo atawakana mapiri athuwa. Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene, aliyense atatulukira kuti ali ndi pakamwa. Anthu amene kale ankanong'ona ngakhale pofunsa mchere tsopano ankatsutsana za boma pa chigayo. Mphepo imeneyo inalowanso mumpingo. Akhristu anati nkhani ya mbusa watsopano isathere m'chipinda cha akulu okha, nawonso anenepo. Akulu anang'ung'udza, koma analola.

Eee, munthu amene ankafunidwayo sindikudziwa ngati anabadwa. Madoda ankati akhale wapabanja, mkazi wake wodziwa kulandira alendo, ndipo asaonetse chipani chake, popeza m'tchalitchi amayi anali atayamba kale kukhala motsata mtundu wa nsalu za misonkhano. Amayi ankati akhale woyenda, wofika pa maliro a kuseri kwa phiri ngakhale mvula ikugwa, osati wongodziwa makomo a nyumba za malata. Ankatinso akapatsidwa nyemba zopanda mafuta adye osayang'ana m'mbale kawiri. Achinyamata ankafuna wolola gitala. Nkhalamba ina yogontha khutu limodzi inati iyo ilibe zambiri, mbusayo angodziwa kuti mabenchi athu ndi a njerwa ndipo mwezi wa Juni amaluma, asamatalikitse ulaliki. A Kamtedza awo anali amodzi, ndipo ankawabwereza paliponse: "Mbusa ndi mawu. Akaima pa guwa, wa kumsika amve. Tisatengerepo wodzuma pano."

Anaitana abusa awiri kuti adzalalikire, wina sabata yake, winanso yake. Woyamba anali chimunthu chonenepa bwino, suti yakuda, nsapato zowala ngati sanaponde fumbi la kwathu. Atatsegula pakamwa malata ananjenjemera, nkhunda zogona kudenga n'kuthawa. Chichewa chake chinkayenda ngati madzi a m'ngalande, Chingerezi akuwazamo apa ndi apo. Ndisaname, ine ndinamusirira. Ndinkayang'ana pakamwa pakepo monga wanjala ayang'anira mphika wa eni. Potuluka anaima pakhomo kupatsa anthu moni, ndipo nditafika ine anandifunsa dzina. Ndinayamba, "K-k-k..." Iye akumwetulira anati, "Kenesi? Ambuye akudalitse, Kenesi," dzanja lili kale kwa munthu wa kumbuyo kwanga. Sanandinyoze. Koma ndinabwerera kunyumba ndili Kenesi.

Loweruka lotsatira masana ndinali m'dimba kuthirira. Kunali kachisanu kaja kolowa m'mafupa, utsi wa m'midzi utagona m'chigwa osakwera. Ndinaona bambo wina woonda akukankha njinga yakapalasa, thalauza atalipisa m'masokosi, khosi atakulunga mpango. Ndinayesa wogula nyemba. Anandipatsa moni mwaulemu ngati ndine munthu wamkulu, n'kufunsa njira ya kutchalitchi. Ndinachita zimene ndinkachita ndi alendo onse, kuloza ndi dzanja.

"Kumeneko ndaonako njira ziwiri, achimwene," anatero. "Ina yandibweza kale pamtsinje. Tandiuzani bwino."

Panalibe pothawira. Ndinafuna kunena kuti kumanzere. Mawu anakakamira. Ndinalimbana nawo, nsagwada zikunjenjemera, maso atatuluka. Ndinkadziwa zimene zimatsatira, pakuti anthu onse amachita chimodzi mwa zitatu: kuseka, kuyang'ana kumbali mwachisoni, kapena kukumalizira mawu. Bamboyu anatsamiritsa njinga yake pa mtengo wa pichesi, n'kuima, akundiyang'ana monga muyang'anira munthu amene akukuuzani nkhani. Zimenezo zinandikwiyitsa. Ndinaganiza kuti ndi kunyoza kwa mtundu watsopano. Ndinaponya kheni yothirira pansi, madzi n'kumuthira m'masokosi, ndipo mkwiyo unanditsegula pakamwa: "N-nenani nokha!"

"Ndikanadziwa sindikanafunsa," anayankha, akukutumula phazi. "Njirayi mukuidziwa ndinu. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Ndinamuuza. Zinatenga nthawi, koma ndinamuuza zonse: kumanzere pa mtengo wa bulugamu wopsa ndi mphezi, kutsika, kuwoloka pa miyala, osatsata njira ya ngolo. Sanandithandize ngakhale liwu limodzi. Pomaliza anafunsa dzina langa, ndipo anadikiranso, mphepo ikumuwomba, mpaka linatuluka lonse. "Kondwani," anabwereza. "Zikomo, a Kondwani." Anakwera njinga yake n'kumapita. Ine ndinatsala chiimire pakati pa mizere, ndikumva ngati ndatula thumba limene ndinaiwala kuti ndasenza.

M'mawa mwake ndinamuona pa guwa, mpango atachotsa, kolala yoyera ili pakhosi. Anali abusa a Chikadza, mlendo wathu wachiwiri. Ndinafuna kulowa pansi pa benchi pokumbukira masokosi aja. Ulaliki wawo sunathawitse nkhunda. Mawu anali apansipansi, moti a kumbuyo anayamba kusendera kutsogolo. Ankati akanena chinthu, n'kukhala chete kaye kuti chikhazikike. Pena anafunsa funso n'kudikiradi yankho, anthu n'kumayang'anana, chifukwa kwathu funso la pa guwa ankayankha ndi mlaliki yemweyo. A Kamtedza ankangoyang'ana wotchi yawo n'kumapukusa mwendo.

Madzulo ake ndinawafotokozera mayi za m'dimba zija. Anali akusola nyemba pakhonde. Manja awo anaima. Kenako anafunsa kuti, "Dzina lonse?" Ndinati lonse. M'mawa anapita kuchigayo ndi chimanga chimene sichinkafunika kugayitsa tsiku limenelo, poti kumeneko ndi kumene amayi anzawo ankakumana.

Pa tsiku la msonkhano ine ndinalibe mpando, poti sindinali wobatizidwa. Ndinakwera pa mulu wa njerwa kunja n'kusuzumira pa zenera. A Kamtedza analankhula nthawi yaitali, ndipo analankhula bwino, pakuti pakamwa anali napo. Anati mpingo wathu usachite manyazi pamaso pa mipingo ina, anati anthu akuthawira kumatchalitchi atsopano a zimkuzamawu, ndiye ife titenge munthu wolankhula ngati akupepesa maliro? Amuna ambiri anavomera. Kenako ndinaona mayi anga akuimirira. Mayi amene ngakhale pa mlandu wa mbuzi yawo anatuma mlongo wawo kukawalankhulira. Anakonza nsalu, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Pepani akuluakulu, ine sindinapite kusukulu. Koma masiku ano pakamwa tili napo tonse, mpaka takwana. Ife tikupempha mbusa wa makutu."

Kumbali ya amayi kunamveka kulira kwa nthungululu. Nkhalamba yogontha ija inafunsa kuti anena chiyani, ndipo atayiuza inati, "Makutu? Amenewo ndiye ndikuwafuna ine!" Tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale amuna aja. Atati anthu akweze manja, a Kamtedza anatulukira chinthu chimene andale anali atachitulukira kale, chakuti amayi ndi ambiri. Mpingo unaitana a Chikadza.

Masiku ano ndikamadutsa pamsika Lamulungu, zimkuzamawu zimalimbana mbali zonse, aliyense akufuula kuti wa kutali amve, pamene wa pafupi ali ndi nkhani yake yosowa woimvera. Ndikamva kuti mpingo wakutiwakuti ukufuna mbusa, anthu akuwerengetsa za masukulu ake ndi galimoto, ndimangoti mumutume kaye akasochere, muone mmene akafunsire njira. A Chikadza sanali mngelo. Gitala anaikana, achinyamata n'kunyanyala, ndipo ulaliki wawo mwezi wa Juni unkaluma limodzi ndi mabenchi. Koma anafika kuseri kwa phiri, ndipo makomo amene ankalowa ankatulukamo mochedwa, chifukwa anthu anali ndi zambiri zimene anasunga. Ine chibwibwi sichinathe, mtima wapachala nawonso ulipobe, akazi anga angakuuzeni. Koma ndili mumpingo, ndimayimba kwaya, ndipo amene anandithira madzi a ubatizo ndi abusa omwe ndinawathira madzi m'masokosi. Kungoti ubatizowo sanandipatse mwachifundo ngati mmene ena amanenera. Ndinaulankhulira ndekha.

Tsiku la mafunso linafika chimanga chitayamba kuuma. Tinakhala pa benchi m'chipinda cha akulu, fungo la laimu watsopano lili m'mphuno. Abusa anakhala pakati, a Kamtedza kudzanja lawo lamanja ndiwo ankafunsa. Anzanga onse anali ana ang'onoang'ono, ine ndevu zitayamba kumera. Itafika nthawi yanga ndinaimirira, ndipo funso limene anandipatsa ndinkalidziwa ngati njira ya kudimba. Mawu oyamba anatuluka. Achiwiri anatuluka. Pa achitatu ndinagunda khoma. Ndinamva kamwana kena kakubisa chiseko m'manja.

A Kamtedza anatseka buku lawo, n'kuimirira kuti aitane wina. "Abusa, uyu timamudziwa ife," anatero. "Dzuwa litilowera pano."

Zibakera zanga zinali zitafumbatika kale. Pakati pa ine ndi iwo panali tebulo lokha, ndipo ndinkadziwa kuti ndikhoza kulilumpha. Ndinayang'ana abusa kuti andilankhulire. Anangondiyang'ana momwe anandiyang'anira pansi pa mtengo wa pichesi, manja ali pa maondo, ngati munthu amene alibe kwina kopita. Ndinazindikira kuti akudikira ine.

Ndinafumbatula manja. Ndinatembenukira kwa a Kamtedza, n'kuwayang'ana m'maso koyamba chichokereni m'kalasi mwawo. Mawu anakakamira, ndipo ndinawasiya akakamire mpaka atatopa okha.

"Aphunzitsi," ndinatero, "s-s-sindinamalize. Khalani pansi, mumve."